Mapazi a Nthanda

Kwa a Gertrude ndimapatsidwa mphindi makumi anayi basi. Kuwasambitsa, mankhwala, tiyi, kenako kuthamangira basi yopita kwa wina. Nkhalamba za mu Hull muno, kuno ku Mangalande, ndazisamala zaka zinayi, ndipo ndinaphunzira kuti zikayamba nkhani umangoti "eya" manja akugwira ntchito.

Koma awa ndi ena. Ali ndi zaka 91, maso anafa kale, makutu okha ndiye ayi. Moyo wawo wonse ankajambula mawu a m'mafilimu. Amati pamene ankayamba, ogwira makina anali amuna okhaokha, iwo anatha zaka zisanu ndi ziwiri akukulunga mawaya ndi kuphika tiyi. Tsiku lina bwana wawo anabwera ataledzera, iwo n'kukhala pampando wake, osachokaponso. Chimene ankatchuka nacho ndi mapazi. Kani munthu akamayenda mufilimu, phokoso la nsapato zake nthawi zambiri amachita kuliikamo pambuyo. Ndiye a Gertrude ankamvetsera kayendedwe ka munthu kamodzi kokha, n'kukapanganso pathabwa kapena m'thireyi ya timiyala. Pabalaza pawo pali matepi mpaka kudenga. Fumbi lake ndimapukuta ndine.

Lolemba m'mawa, ndikuwaveka sokosi, anati, "Eneless, mwana wabwera nayeyo wamusiyiranji pageti? Kukuzizira."

"Ndabwera ndekha, mayi. Kwezani phazi."

"Mtsikana. Wavala patapata. Mwendo wamanzere amaukoka pang'ono."

Sokosi inandipulumuka. Mwana wanga Nthanda anathyoka mwendo wamanzere ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, unapola mokhota. Pano ali ndi zaka 14, amakhala ku Chilomoni ndi mng'ono wanga Alinane. M'nyumba imeneyi sindinamutchulepo. Za kumudzi sinditchula kuntchito, ungayambe kulirira m'bafa la eni ake.

Ndinasuzumira pawindo. Geti, bini, mvula.

Ndili m'basi ndinaimbira Alinane. Anati Nthanda ali bwino, ali kusukulu. Tsiku lotsatira anati wapita kukwaya. Sindinadabwe. Mwanayo chiyambire Khrisimasi ankandinyanyalira, chifukwa ndinalonjeza kubwera koma osabwera.

Lachitatu a Gertrude anati, "Lero wafika pakhonde. Waima kuseri kwa chitseko."

"Mankhwala atsopano aja akukusokonezani. Ndilemba m'buku, adokotala aone."

"Lemba, mwanawe. Amuna aja nawonso ankati ndikumva zam'mutu mwanga. Kenako ankabwera kudzapempha tepi."

Ndinalembadi. Koma potuluka ndinatsegula chitseko pang'onopang'ono, ngati ndikuopa kugunda munthu, ndipo ndinadzikwiyira.

Lachisanu ndinawapeza atadzuka okha, atakhala patebulo ndi chovala chogonera. Makina awo akale aja anali atayatsa, mawilo awiri a tepi akuzungulira, maikolofoni italoza kukhitchini. Inali teni koloko m'mawa, kunja kukuwala bwinobwino.

"Lero wakutsogolera," anatero. "Walowa bwanji sindikudziwa, chitseko sichinalire. Vala izi."

"Mayi, ndili ndi anthu asanu ndi mmodzi lero."

"Vala."

Ndinavala mahedifoni awo. Poyamba ndinangomva filiji ikung'ung'udza, ndi mpopi ukudontha. Kenako phwa, patapata kumenya chidendene. Kenako khwee, phazi linalo kukokeka pansi. Phwa, khwee. Phwa, khwee. Anazungulira tebulo la kukhitchini, anaima pa sinki, anabwereranso, ngati mwana wolowa m'nyumba yachilendo akufuna amake. Chitseko cha kukhitchini chinali chotsegula, ndinkaona mkati monse. Munalibe munthu.

Mayendedwe amenewo ndawamva akubwera kuchokera kumpopi, kuchokera kusukulu, kuchokera kumaliro a bambo ake. Palibe akanandiuza kuti ndi a wina.

Ndinavula mahedifoni n'kuimba foni.

"Mupatse foni Nthanda."

"Achemwali, ali kusukulutu."

A Gertrude Chichewa samva n'chimodzi chomwe, koma anapendeketsa mutu kumvetsera foni ili kukhutu kwanga. "Amene ukulankhula nayeyo sali panyumba," anatero. "Chipinda chachitali, pansi pa simenti. Mabedi achitsulo, ambiri."

"Alinane," ndinatero, "ndine wotopa. Muli chipatala chiti?"

Anayamba kulira. Anati ndi malungo, anamukwera mwanayo m'mutu. Nthanda anakomoka Lamlungu madzulo, mpaka lero sanatsegule maso. Anagwirizana ndi amalume kuti asandiuze, ati ndili kutali, ndingangovutika mtima. M'mawa uno adokotala anamuyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu.

"Usadule," ndinamuuza. "Khala pambali pake, umugwire dzanja."

A Gertrude anali atavala mahedifoni aja. Ankalankhula motsitsa, ngati ali pantchito. "Lolemba anali wopepuka ngati pepala. Lero matabwa akulira. Thupi lonse latsala pang'ono kufika kuno." Anakweza chala. "Wamva mawu ako. Akubwera."

Zaka zinayi sindinamugwire mwana wanga. Manja anga anali atayamba kale kutambasuka okha. Koma ine ndatseka maso a anthu ambiri m'tauni muno, ndimadziwa kuti munthu sakhala malo awiri. Akafika pachifuwa panga, Alinane atsala ndi dzanja lozizira.

Ndinapinda manja kumbuyo. Ndinatulutsa mawu amene ndinkamukalipira nawo akasewera pamsewu.

"Nthanda! Wakutuma ndani kuno?"

"Waima," anatero a Gertrude.

"Bwerera! Ukuona ngati kuno n'kwa agogo ako? Ndili pantchito ine. Bwerera kwa mayi ako aang'ono pompano!"

"Sakusuntha."

Ndinapita kukatsegula chitseko cha panja, mphepo n'kulowa. Mawu anafuna kunjenjemera.

"Usafewetse," anatero a Gertrude. "Akumvetsera ngati ukunenadi zoona."

"Sindikukufuna kuno! Wamva? Sindikufuna kukuona. Ndikawerenga mpaka katatu ndikupeze uli pomwepo, uona. Kamodzi!"

Mpopi unadontha.

"Kawiri!"

"Wayamba," ananong'ona a Gertrude. "Akudutsa pa iwe tsopano."

Sindinamve chilichonse pakhungu. Ndinangoyang'ana khoma, nsagwada nditaluma, kuti mwanayo angaone nkhope yanga.

"Pakhonde. Waimanso, watembenuka."

"Choka!"

 Mawilo a tepi ankangozungulira. Kenako a Gertrude anati, "Pageti." Patapita kanthawi anati, "Sindikumumvanso," n'kuzimitsa makina.

Pafoni Alinane ankangoti, "Achemwali, mukukalipira ndani?" Ndinamuuza kuti andiimbire chilichonse chikasintha. Ndinatseka chitseko. Ndinawasambitsa a Gertrude, ndinawapatsa mankhwala ndi tiyi.  Basi inandisiya, ndinayenda wapansi, ndipo njira yonse sindinacheuke.

Foni inalira cha m'ma thu koloko, ndikusintha zofunda za munthu wachinayi. Ndinatulukira pakhonde.

"Watsegula maso," anatero Alinane, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Wapempha madzi."

Ndinakhala pansi pa sitepe yonyowa. "Mupatse foni."

Ndinamva akunong'onezana. Bedi linalira. Kenako anabweranso Alinane, mawu atasintha.

"Akukana, achemwali. Watembenukira kukhoma. Akuti anayenda ulendo wonse, inu n'kumuthamangitsa."

"Muuze kuti eya, ndinamuthamangitsa," ndinatero. "Amwe madziwo."