Nkhope ya Mayi Sopo

Mumsewu wawo wonse ankawatcha Mayi Sopo, ndipo dzinali ankalikonda. Ali mtsikana anajambulidwa pa chikwangwani chotsatsa sopo, chachikulu ngati khoma la sitolo. Akampani anawayeretsa khungu, anawatseka mpata wa mano, anawawongola mphuno, moti ngakhale achimwene awo ankadutsa pansi pake osawazindikira. Chikwangwanicho chitatsitsidwa, anachipempha n'kuchipinda bwinobwino pamwamba pa kabati. Ulemerero wawo wonse unali pamenepo.

Ndiye mwana wawo wamkazi, katswiri wa zojambulajambula, wosamva za anthu, anabwera kudzachipempha. Anati akufuna kusonyeza pa chionetsero cha ntchito zake mmene otsatsa malonda amasemera akazi ngati mtengo kuti katundu ayende. Mayi Sopo anakana, anakalipa, kenako anapereka, poti wopemphayo anali mwana wawo. Atamva kuti walowetsapo sizasi, mtima unawapweteka zedi. Anangoona kuti tauni yonse ikawaseka.

Tsiku la chionetsero anamanga duku mpaka m'nsidze n'kulowa mu holo mozemba. Munali zodabwitsa: zidole za m'sitolo za zovala zitafinyidwa m'chiuno ndi tepi ya atelala, milomo yodula m'magazini itadzaza basiketi yogulira zinthu. Anapukusa mutu, koma pansi pa mtima anavomereza kuti mwanayu mutu wake umagwira.

Chikwangwani chija chinali pakhoma la kumapeto. Mwana uja anali atasoka nkhope yonse pamanja ndi ulusi wakuda ndi wofiirira, pang'onopang'ono, mpaka khungu linabwerera mwakale. Mpata wa mano unatseguka. Mphuno inakhala pansi monga mwa mtundu wawo. Sopo yekha ndi amene anatsala woyera mbee m'dzanja.

Anthu anaima duu, akusirira. Mayi Sopo anayang'ana nthawi yaitali. Nkhopeyo sinali yawo yokha ayi, inalinso ya mayi awo, amene anamwalira osajambulidwapo ngakhale kamodzi, mwanayu asanabadwe.

"Iwe, agogo ako unawaonera kuti?" anamufunsa mwana wawoyo.

"Sindinawaonepo, amayi. Ndimangoyang'ana inu."

Mayi Sopo anakankhira duku kumbuyo, n'kukaima pafupi ndi chithunzicho kuti aliyense awaone.