Tsiku Limene Ndinamuzemba Pemphani

Pemphani anaumitsa thupi ngati thabwa, miyendo ili m'mwamba, kukana kulowa m'kangolo kokankha kamene achemwali anga a Lonely anamugulira. Tinali pakati pa mzinda wa Manchester, pabwalo lodzaza nkhunda, ndipo azungu odutsa ankatiyang'ana cham'mbali n'kumafulumira ngati sanaone kanthu. Mwamuna wanga Leston anaima potero ndi kamera yobwereka, kujambula nyumba zazitali, ngati wolirayo ndi mwana wa anthu ena.

Ine sindinachedwe. Ndinasolola chitenje m'chikwama, kuwerama, mwana n'kukwera yekha kumsana monga ankachitira kwathu ku Kawale. Nditamumanga pamwamba pa chijekete changa, kulira kunatheratu. Mayi wina wachizungu anamwetulira n'kutijambula. Achemwali sanamwetulire. Anatsogola akukankha kangolo kopanda munthu.

"Thoko, ukumuwononga mwanayu," anatero osacheuka. "Kuno ana saberekedwa kumsana. Musiye azolowere."

Ndinafunsa kuti azolowere za chiyani, popeza sabata yamawa tikubwerera kwathu. Iwo anandilozera basi ya nsanjika imene inkadutsa, n'kunena kuti tithamange tiikwere.

Ndinene pano kuti Pemphani sindinamubale ine. Mayi ake ndi a Lonely. Anali namwino ku Lilongwe, ndipo m'zaka zimene anamwino ankangosamukira ku Mangalande, nawonso anapita mu 2002, mwana atangoyamba kukwawa. Bambo ake anali atakana mimba kalekale. Ine ndinali nditakhalitsa pabanja popanda mphatso, ndiye amayi athu anati ndimusunge. Tsiku lonyamuka, achemwali anamuzemba monga timachitira tonse: ine ndinapita naye kuseri kwa nyumba kukamuonetsa nkhuku, iwo n'kutuluka pageti. Anandisiyira chitenje chawo chosachapa kuti ndizimufunditsa, fungo la mayi ake lizimugoneka. Chinathandizadi.

Ndine ndinaona dzino lake loyamba. Ndine ndinamugoneka pachifuwa m'chipatala atadwala malungo. Amayi apampopi, omwe kale ankatsinana ndikamadutsa, anayamba kundiitana Make Pemphani, ndipo ine, mopanda manyazi, ndinkayankha mokweza kuti mzere wonse umve.

Ndiye pamene achemwali anatumiza matikiti mu 2005, kuti tonse atatu tikaone kumene amakhala, Kawale yense anadziwa. Leston anagula suti ya pa kaunjika yomwe mikono yake inkabisa zala, n'kuyamba kupereka moni m'Chingerezi ngakhale kwa ogulitsa makala. Ine ndinkangoganiza za zithunzi zimene ndidzaonetse pampopi.

Kuyenda ndi mwana wazaka zitatu m'dziko la eni ndi ntchito. M'ndege analira makutu. Kuzizira anakuda, zakudya zawo anazilavula, ankangofuna phala. Masitepe oyenda okha ndiwo anamusangalatsa, moti tinakwera ndi kutsika mpaka mlonda anatiyang'ana ndi diso loipa. Ku nyumba yosungira zakale anaona mafupa a chinyama chachikulu ngati lole, n'kukuwa kuti galu. Tonse tinaseka. Koma a Lonely akamutambasulira manja, iye ankabisala kuseri kwa siketi yanga n'kunena kuti, "Sindifuna anti."

M'nyumba mwawo munali kachipinda kokhala ndi kabedi kakang'ono, zidole, ndi majekete aana a misinkhu yosiyanasiyana, ena aakulu oti Pemphani sakanawavala chaka chimenecho. Ndinaziona zonsezo, koma mtima ukakana kuona, maso alibe mphamvu.

M'basi ya nsanjika ija ndi mmene ndinamva zoona. Achemwali anakhala pansi ndi kangolo kawo, ife tinakwera pamwamba, mpando wakutsogolo. Mwana anali atagona pamiyendo panga. Ndinamufunsa Leston kuti mawu oti azolowere aja akutanthauza chiyani. Anayamba kupukuta galasi la kamera ndi tayi, kupukuta, kupukutabe.

"Mwanayu akutsala," anatero pomaliza. "Tinakambirana kale ndi amayi komanso amalume ako."

"Tonse tinakambirana? Ine ndinali kuti?"

"Ukanadziwa sukanakwera ndege. Ndipo iyeyu sakanalola kukwera ndi munthu wina."

Apo ndi pamene ndinadziwa ntchito yanga paulendowo. Sindinali mlendo wodzaona mzinda. Ndinali msana wobweretsera mwana kwa mwini wake. Basi inkadutsa m'misewu yokongola, kamvula kakuwaza pagalasi, ine osaona chilichonse.

Titafika kunyumba ndinawalowera achemwali kukhitchini. Ndinawauza zonse: za malungo, za dzino, za nyimbo imene amagonera. Ndinawauza kuti andibera masana dzuwa likuswa mtengo. Anandimvetsera mpaka ndinatopa, manja awo ali m'madzi otsukira mbale.

"Tsiku ndi tsiku ndimasambitsa nkhalamba za eni ake," anatero motsitsa mawu, "pamene mwana wanga akunditchula anti. Thoko, ndinamubala ndine. Wandithandiza, sindikana. Koma ndinakubwereka, sindinakupatse."

Ndinafuna kuwada, koma zinandikanika. Anali ataonda, maso atalowa m'kati, ndipo misozi inkagwera m'madzi a mbale aja. Ndikanakadandaula kwa yani? Kwa amayi, amene anavomereza? Kwa amalume? Mwana anali wawo, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo kupatula mwanayo.

Masiku otsalawo ndinagwira ntchito yowawa kuposa zonse zimene ndagwirapo. Ndine ndinamuphunzitsa kukhala m'kangolo. Akabwera kudzandikoka kuti ndiwerame, ndinkanama kuti msana ukundiwawa. Tsiku lina anazungulira kumbuyo kwanga, n'kuyamba kundisisita ndi kadzanja kake kozizira.

"Pepani amama," anatero. "Upola."

Ndinathawira kubafa n'kutsegula mpopi kuti asandimve.

Tsiku lonyamuka tinapitanso kubwalo la nkhunda lija, chifukwa linali pafupi ndi pokwerera sitima ya ku bwalo la ndege. Achemwali anatenga buledi. Panjira ndinawapatsa chitenje changa, chopinda bwino, chosachapa. Anachilandira osafunsa kanthu, popeza anayambitsa ndi iwo.

Ananyenya buledi n'kumwaza pansi. Nkhunda zinatera zambirimbiri, Pemphani n'kutsika m'kangolo, kuzithamangitsa akuseka, chipewa chake chofiira chitapendekeka. Leston anandigwira mkono, tinayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono n'kulowa m'chigulu cha anthu. Ndinalonjeza mumtima kuti sindicheuka, koma ndinacheuka. Nkhunda zinali zitauluka. Iye anaima chilili pakati pa bwalo, chidutswa cha buledi kumanja, akuyang'ana miyendo ya anthu odutsa umodziumodzi, kufuna siketi yanga. Anali asanayambe kulira.

Ku Kawale anthu anabwera kudzaona zithunzi. Zinali nyumba zokhazokha, nyumba zazitali zopendama, ndi Leston mu suti yake. Pampopi mayi wina anayamba kuti, "Make Pe..." kenako anameza mate n'kunena kuti a Thoko, mwatibweretsera chiyani. Patapita miyezi ndinapita pa kakontena ka lamya kumsika kukaimba. Achemwali anati masabata oyamba Pemphani ankagona atakumbatira chitenje chija, koma tsopano wachisiya. Anamupatsa lamya. Ndinamva kupuma kwake, kenako mawu awiri a Chingerezi, lachiwirilo linali anti.

Ndinalipira, n'kukaima pasiteji. Minibasi itafika ndinawerama kwambiri polowa, dzanja langa litapita lokha kumbuyo kwa khosi kukatchinga mutu kuti usagunde chitseko. Kondakitala anandiyang'ana, n'kusuzumira kumsana kwanga.

"Lowani bwinobwino, mayi," anatero. "Kumbuyoku kulibe mwana."