Miyala Yakuthwa m'Maziko a Chipinda cha Apongozi

Fosholo inagunda mwala woyamba Lachiwiri m'mawa, amuna awo a Atelala akukumba maziko a chipinda chatsopano kuseri kwa nyumba. Chipindacho chinali cha apongozi, mayi awo a bambowo, amene anali atagona miyezi iwiri m'chipatala atathyoka fupa la m'chiuno. Adokotala anati atuluka mwezi ukamatha. M'nyumba ya zipinda ziwiri, yodzaza ana, makina osokera ndi milu ya nsalu za makasitomala, munalibe poika bedi lina. Mitambo nayo inali itayamba kusonkhana.

Pofika masana, miyala khumi ndi iwiri inali m'ndowa. Sinali miyala wamba. Ina inali yosongoka ngati tsamba, yosemedwa mbali zonse ziwiri, ina yaing'ono yokhala bwino m'dzanja. Atelala anatenga umodzi n'kuyesa pa kansalu kotsala. Kanaduka ngati apititsapo lumo.

"Bambo, iyi sinasweke yokha," anatero. "Pali dzanja la munthu apa."

Amuna awo, omwe ntchito yawo inali ya ukalipentala, anangopukuta thukuta. Amene anayankha ndi mng'ono wawo wa bambowo, dalaivala wa lole, yemwe anabwera kudzathandiza kukumba.

"Alamu, zimenezi musaonetse munthu," anawauza Atelala motsitsa mawu. "Akamva a boma, azunguliza chingwe pano, malo mwaluza. Amayi mudzawagoneka pansi pa makina anu osokerawo. Ponyani m'konkire, nkhani yatha."

Kutaya miyala yokongola chonchi kunawawawa Atelala, koma kutaya malo kunali koopsa kwambiri. Anasankha isanu, anaitsuka ndi sopo ndi mswachi wakale mpaka inawala, n'kuiyala pa zenera.

M'mawa mwake kunabwera aneba awo, mphunzitsi wopuma ntchito, kudzatenga diresi. Asanaliyese n'komwe, maso awo anagwera pa zenera.

"Aneba, miyala iyi mwaitenga kuti?"

Atelala anayamba kuzungulira nkhani, koma bodza silinkawakhala. Anaulula zonse, ngakhale mawu a alamu awo.

"Yangati iyi ndinaionapo," anatero Aphunzitsi. "Ndinkapita ndi ana a sukulu ku nyumba yosungiramo zinthu zakale. Izi ndi zida za anthu amene anakhalako chitsulo chisanadziwike. Auzeni abambo asiye kaye kukumba. Jambulani dzenjelo pa foni, mulivindikire ndi pepala la pulasitiki, tiwaimbire akatswiri."

"Nanga akatilanda malo?"

"Tiwafunsa pamaso, ine ndili pomwepo. Koma simenti ikangothiridwa, palibenso wofunsa."

Kalipentalayo sanakondwe. Anadya chakudya cha masana. Atasamba m'manja anapereka foni yawo kwa akazi awo. "Imbani. Zikavuta, amayi mukawafotokozere ndinu."

Lachisanu kunabwera mayi wina wamfupi, wovala chipewa chachikulu ndi nsapato zafumbi, pamodzi ndi anzake awiri. Anali katswiri wofufuza zida zakale, ndipo tsiku lomwelo ana a m'nyumbamo anamupatsa dzina loti Amiyala. Atelala sanadikire kuti alendo akhale pansi.

"Mayi, ndifunsiretu. Malo athuwa mutilanda?"

Amiyala anaseka. "Ndilande malo ndikawaike kuti? Ku ofesi kwathu ngakhale mpando wa mlendo tilibe. Ife tabwera kudzapempha masiku ochepa, tichotse bwino zimene zili pansipa. Tikatha, mupitirize kumanga."

Anatenga mwala umodzi n'kuwaonetsa. "Onani kachotupa aka. Apa m'pamene munthu anamenya ndi mwala wina. Timabala iti tikutsatana mwadongosolo. Mwala wogubuduzika mumtsinje sukhala chonchi." Kenako anayang'ana ya pa zenera ija. "Iyi yatsukidwa?"

"Ndi sopo," anayankha Atelala monyadira. "Inali yakuda kwambiri."

"Munafuna kuchita bwino, ndikudziwa. Koma m'mphepete mwa mwala mumatsalira tizinthu tosaoneka ndi maso: mafuta a nyama, ulusi wa zomera. Timeneto n'timene timatiuza ntchito ya chidacho. Sopo amatichotsa."

Nkhope ya Atelala inagwa.

"Ndiponso," anapitiriza Amiyala mofatsa, "inu ndinu atelala. Munthu atakubweretserani kolala yokha, mungadziwe kuti inachoka pa malaya ati? Mwala wochotsedwa pamalo pake uli choncho. Tifunika kudziwa kuti unagona pati, mozama bwanji, pafupi ndi chiyani. Koma musadandaule. Chachikulu munachichita: munasiya kukumba. Zambiri zikadali m'dothi."

Ntchito inatenga masiku asanu ndi anayi. Anamanga tizingwe n'kugawa dzenjelo m'timabokosi. Ankapala dothi pang'onopang'ono ndi timafosholo tating'ono ndi mabulashi, n'kulisefa. Mwala uliwonse ankaujambula uli pamalo pake, n'kuuyeza, kenako n'kuuika m'kathumba kakekake kolembedwa nambala.

"Anthu awa akukumba ndi supuni!" ankadandaula kalipentalayo, maso ali kumitambo. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kunawaza mvula, ndipo Atelala anagwira singano osasoka kanthu. Ankangoganiza za apongozi awo. Koma mvulayo inakata msanga. Tsiku lomaliza, Amiyala ndi anzawo anaika mabulashi pansi, anatenga mafosholo akuluakulu, n'kuthandiza kumaliza maziko onse dzuwa lisanapendeke.

Denga linakhomedwa kutatsala masiku awiri kuti apongozi atuluke. Alamu aja ndi amene anakawatenga kuchipatala. Akutsitsa katundu anati, "Alamu, zolanda malo zija ine ndinangomva kwa anthu," ndipo Atelala anawaseka n'kuwapatsa tiyi.

Patapita milungu itatu, banjalo linaitanidwa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale, pamodzi ndi Aphunzitsi. M'chipinda chogwirira ntchito munali tebulo lalitali, miyala yoposa mazana awiri itayalidwa m'mizere. Amiyala anatola tizidutswa tisanu ndi tiwiri n'kutilumikiza kamodzikamodzi pa mwala wina waukulu. Tinagwirana ndendende.

"Tonseti tinapezeka malo amodzi, pa ngodya ya chipinda chija. Ndiye kuti munthu anakhala pansi pomwepo n'kumasema, zaka masauzande ambiri zapitazo."

Kalipentalayo anawerama, n'kuloza ndi chala. "Apa anaphonya. Onani, anautembenuza n'kukonza mbali inayi." Anapukusa mutu akumwetulira. "Ameneyu ntchito ankaidziwa."

Kenako Amiyala anaitana Atelala pa makina okuza tinthu tating'ono. M'mphepete mwa kamwala kena, kamene sikanatsukidwe, munkaoneka kusalala konyezimira.

"Kusalala kotere kumabwera ndi kupala zikopa. N'kutheka kuti ankakonza zofunda kapena zovala."

Atelala anayang'anitsitsa pa makinapo. Kuseri kwa nyumba yawo yomwe, munthu wina anavutikapo kuti ana ake asagone ndi mphepo. Atelala anadzuka n'kugwira dzanja la Aphunzitsi ndi manja awiri.

"Aneba, mukanapanda kubwera tsiku lija, zonsezi zikanakhala pansi pa simenti. Zikomo. Nanunso mayi, zikomo potiyankha mwaulemu pamene tinali ndi mantha."

"Oyenera kuthokozedwa ndinu," anatero Amiyala. "Ife sitingakumbe paliponse. Zambiri zimene timadziwa zimayamba ndi munthu amene waimitsa fosholo."

Kuyambira pamenepo, kasitomala aliyense wonena zomanga nyumba kapena kukumba chimbudzi sachoka pa makina a Atelala asanamve malangizo. Amamuuza uku akumuyeza m'chiuno:

"Mukapeza miyala yosemedwa, mikanda, mapale kapena mafupa akale, siyani kukumba. Musatsuke, musasunthe, musabise. Jambulani, vindikirani, muwadziwitse a zinthu zakale. Musamvere mphekesera, kafunseni eni ntchito. Nyumba yochedwa sabata imodzi imamangika, koma mbiri ya anthu ikaonongeka palibe mmisiri woikonza."