Mng'alu wa Pansi pa Kapeti

Mng'aluwo unayamba ngati tsitsi. Make mapasa anauona m'mawa wina akukolopa pabalaza, kamzere kochokera pakona kulowera kuchipinda cha ana. Nyumbayo inali isanaone ndi dzinja lachitatu lomwe, ndipo amuna awo, oyendetsa lole, anathera thukuta lawo lonse pomanga nyumba imeneyi.

Anapaka polishi wambiri kuti mng'alu utsekeke. Sizinathandize. Ndiye anakoka kapeti n'kuvundikirapo, pamwamba pake n'kukhazikapo tebulo. Anali atamva kumsika kuti akhonsolo akaona nyumba yong'aluka amalemba chizindikiro chofiira pakhoma, kenako amabwera ndi chigalimoto chogumulira. Choncho anatseka pakamwa, ngakhale kwa amuna awo amene.

Mvula itayamba, bambo a mapasa ali paulendo wautali, mng'alu unakula. Make mapasa ankati akasenda kapeti, n'kupeza kuti tsopano mukulowa njere ya machesi. Kenako munayamba kulowa pensulo. Chakudya chinasiya kukoma. Malata akangolira ndi dzuwa, iwo ankadzidzimuka n'kuyang'ana kudenga.

Tsiku lina kutacha mvula itagwa yamphamvu, anapita kukadzutsa ana. Chitseko chinakana. Anakankha ndi phewa, koma chinangoti gwa. M'katimo mapasa aja, atsikana awiri, anayamba kulira.

"Amayi, titsegulireni! Pakhoma pakugwa mchenga!"

Make mapasa anathamanga osavala ndi nsapato zomwe kukagogoda kwa mnansi wawo, namwino wa kuchipatala amene aliyense ankangomutchula kuti Anesi. Awiriwo anakankha pamodzi mpaka chitseko chinatseguka chikukwecha simenti. Make mapasa anawakumbatira anawo.

Anesi anatsata mng'aluwo ndi maso kuchokera kuchipinda mpaka pomwe unalowera pansi pa kapeti. Anasuntha tebulo, n'kusenda.

"Make mapasa, zimenezi zayamba liti?"

"Ndi kale ndithu. Chonde musauze munthu. Akatigumulira nyumbayi tilowera kuti ndi anawa?"

"Ine kuntchito ndimaziona tsiku ndi tsiku," anatero Anesi. "Munthu amamanga kansanza pachilonda mpaka mwendo kuwola. Ukabisa matenda maliro adzaulula, amwali. Kapetiyu agwira khoma? Tiyeni tiitane woyendera zomangamanga."

Make mapasa analira, koma atayang'ana mchenga uli pabulangete la ana, anavomera.

Woyendera uja anabwera panjinga yamoto, bambo wachidazi wolankhula mosathamanga. Make mapasa ankangoyang'ana chikwama chake, kudikira kuti atulutse penti wofiira. M'malo mwake anatulutsa tepi yoyezera ndi thabwa lowongoka.

Anayambira kukhitchini, komwe pansi panali timing'alu tambirimbiri ngati ukonde wa kangaude, ndipo simenti inkafumbuka posesa.

"Izi zisakusowetseni tulo, mayi. Ndi zapamwamba chabe. Amisiri anafulumira, konkire inauma msanga osaithirira mokwanira. Zimakonzeka."

Atafika pabalaza anagwada, n'kugoneka thabwa lija modutsa mng'alu. Mbali imodzi inali yotsika.

"Uwu ndi wina. Ndi wotakasuka, mbali imodzi yatitimira, wakwera khoma, ndipo chitseko chikukana. Kona iyi ikuyenda. Tiyeni tione kunja."

Kunjako, motsamira khoma la chipinda cha ana, kunali chinthu chimene make mapasa ankanyadira kuposa zonse: bedi la maluwa ofiira ndi achikasu, onenepa bwino. Odutsa mumsewu ankaima kuwayamikira. Woyendera uja anapondapo, nsapato n'kumira m'matope.

"Mumathirira kangati?"

"M'mawa ndi madzulo. Madzi ochapira ndi otsukira mbale onse ndimathira pomwepa kuti asapite pachabe."

Bamboyo analoza kudenga. Madzi onse a pamalata ankagweranso pomwepo, popanda chowalandira.

"Dothi lanu ndi la makande. Likamwa madzi limafufuma ndi kufewa, likauma limanyala. Maziko sangakhazikike pa dothi lotero. Mwakhala mukuthirira maluwa pamodzi ndi nyumba yomwe, mayi, koma nyumba simera."

Anesi anaseka. Make mapasa sanaseke.

"Ndiye mugumula?" anafunsa.

"Kugumula? Ayi. Mwatiitana nthawi ikadalipo. Mukanadikira dzinja lina, nkhani ikanakhala ina."

Anawauza zochita. Ana asamukire kuchipinda china tsiku lomwelo. Maluwa achoke pakhoma. Padenga paikidwe zolandira madzi, dothi lozungulira nyumba likhale lotsetserekera kunja, ndipo pakumbidwe ngalande. Mmisiri wodziwa ntchito alimbitse maziko a konayo asanamate mng'alu. Pomaliza woyendera uja anamata kachigamba ka simenti modutsa mng'alu wa pakhoma.

"Kachigamba aka kakasweka, ndiye kuti nyumba ikuyendabe. Mudzandiitane msanga."

Bambo a mapasa atabwera, akazi awo anawafotokozera zonse, maso ali pansi. Bamboyo anapukusa mutu.

"Ndiye inu mumasenza zimenezi nokha? Ine ndimadabwa kuti tebuloli lasamukiranji pakati pa njira, mpaka ndinapweteka nalo bondo!"

Anagwira khasu, n'kusamutsira maluwa onse kumpanda, kutali ndi khoma. Mmisiri anabwera n'kugwira ntchito yake.

Dzinja lotsatira mvula inagwa yosaleka. M'mawa uliwonse make mapasa ankapita kukasisita kachigamba kaja ndi chala, mantha akadali nawo. Mvula inatha kali kathunthu. Ana anabwerera m'chipinda chawo, ndipo chitseko chija ankachitsegula okha ndi dzanja limodzi.

Masiku ano make mapasa akaona mnzawo akukhuthula beseni m'mbali mwa khoma, sadutsa osalankhula. Amamuuza kuti madzi azitayidwa kutali ndi maziko. Amamuuzanso kuti mng'alu ukamakula, ukakwera khoma kapena chitseko chikayamba kukana, asauvundikire, aitane odziwa zomangamanga msanga. Kapeti amabisa mng'alu, koma sauletsa kukula.