Mizere Yachikasu ya Firmin

Alendo aja anabwerera masana, matope ali mpaka m'mawondo. Firmin Cayssials anali pakhomo pa nyumba yake yogona alendo, ndipo anayamba kulankhula iwo asanafike ndi pageti pomwe.

"Mwawaona mathithi athu? Ine ndinaona a ku Canada, ndinaona a ku Brazil, koma athuwa amagwa mwaulemu."

"Taona ng'ombe basi, bambo," anayankha mayi wina wa ku Belgium uku akuvula nsapato. "Mizere yanu yachikasu inatiperekeza bwino mpaka pakamlatho. Kutsogolo kwake, pamtengo pali mtanda. Ndiye tinakhotera kwina, n'kukathera m'dambo."

Aliyense woyenda m'mapiri amadziwa kuti mzere umati pitirira, mtanda umati kuno ayi. Koma Firmin sanapentepo mtanda paliponse.

Njirayi inali mwana wake. Firmin anachoka m'mudzi uno wa Pradelou ali mnyamata, chikwama chimodzi m'manja. Anatsukapo matambula ku Paris, anaphikapo m'sitima zapamadzi, kenako anatsegula malo ake odyera ku Montreal. Atabwerera kwawo ndi imvi komanso mimba, anagula sukulu yakale n'kuisandutsa nyumba ya alendo. Komabe anthu ankamutchulabe "a ku Paris". Ndiye anapempha khonsolo kuti atsegule njira ya alendo yodutsa m'nkhalango kukafika kumathithi, ndipo anaipenta yekha, mtengo ndi mtengo. Lamlungu likudzalo meya anayenera kuitsegulira, magulu a anthu oyenda pansi ochokera m'midzi yozungulira ali pomwepo.

Madzulo a tsiku limene alendo aja anasochera, Firmin anakadandaula kukantini ya Gaston Rouquette, kumene nkhani zonse za m'mudzi zinkaphikidwira.

"Mwina nguluwe zaphunzira kupenta, a ku Paris," anatero Gaston akupukuta tambula.

"Ndi inu alenje. Mukuopa kuti alendo akuthamangitsirani nyama."

"Ife tikanakhala ndi utoto bwenzi titapenta chitseko ichi." Gaston anatembenukira kwa Mayi Leontine Vayssade, mayi wamasiye wokalamba amene anabwera kudzagula buledi. "Nanga mvula ija, mayi? Bowa watuluka?"

"Chaka chino kulibe bowa," anayankha mayiyo osakweza n'komwe maso.

"Kulibedi," anavomereza Gaston mwachisoni, ndipo onse a m'kantinimo anagwedeza mitu.

Firmin anaseka. Chibadwire chake, ku Pradelou sikunakhaleko chaka chimene kunali bowa, koma ikafika nyengo yoyoyoka masamba, nyumba iliyonse inkanunkhira bowa ndi adyo.

Mawa lake anakafufuta mtanda uja n'kubwezeretsa mzere wake. Tsiku lotsatira mtanda unabwereranso, tsopano iwiri. Apa Firmin analumbira kuti munthu amene anagwirapo akuba pa doko la Santos sangalephere kugwira wopenta mitanda. Analawira m'mamawa, nakabisala kuseri kwa thanthwe pafupi ndi kamlatho, mawondo akulira.

Dzuwa litangotuluka anamva masamba akuphwanyika. Kunatulukira munthu wamfupi, mpango kumutu, dengu lovundikira ndi nsalu padzanja. Anaika dengu pansi, natulutsa kachitini ndi burashi, n'kuyamba kupenta modekha ngati akukongoletsa keke.

"Mayi Leontine."

Mayiyo anamaliza kaye mtanda wake, kenako anatembenuka.

"Iwe Firmin, mimba yako ndinaiona ndili pamlatho. Thanthwelo lakuchepera."

"Mayi, ndinakulakwirani chiyani? Lamlungu kukubwera anthu. Mukufuna mudzi wonse undiseke?"

"Kuno kuli njoka."

"Kunja kwazizira chonchi?"

"Kumaterera."

"Inu ndi zaka zanuzo simukuterera."

Mayi Leontine anasuzumira m'kachitini kawo. Munali mutatsala tautoto tapansi. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, napumira m'mwamba.

"Ponda pamene ndikupondapo. Ndipo tseka pakamwa, ngati pamatsekeka."

Anatsata mizere ya Firmin yomwe, kulowa pakati pa mitengo yakalekale pamene nthaka inali yofewa ndi ndere. Pansi pa mtengo umene Firmin anaupenta monyadira sabata yatha, mayiyo anagwada nakankha masamba ndi chala. Panatulukira bowa wonenepa, chisoti chofiirira ngati buledi wongochoka mu uvuni. Anakankhanso pena, panali wina. Firmin atazolowera kuyang'ana, anaona kuti waima pakati pa mudzi wonse wa bowa, ana ndi akulu omwe, ndipo njira yake inkadutsa pabwalo penipeni.

"Malo ano anandionetsa ndi malemu mwamuna wanga Emile, titakwatirana kale, mwana wathu akuyenda," anatero Mayi Leontine. "Iyenso bambo ake anamuuza ali pabedi lofera. Mwana wanga wa ku Toulouse sakuwadziwa. Ndikamabwera kuno ndimatulukira kumanda, ndikazungulire phiri lonse, kuti Gaston aziti ndimathyola kutsidya. Ndiye iwe ukundibweretsera gulu la anthu, nsapato zachitsulo, ndodo zosongoka, aliyense ndi foni yojambulira."

"Bwanji simunakanene kukhonsolo?"

"Akanandifunsa chifukwa. Kukanacha Gaston ali pano ndi thumba loikamo mbatata."

Firmin anavula chipewa. Anaonapo matchalitchi akuluakulu a ku Roma, koma sanavulepo chipewa mosazindikira ngati tsiku limeneli.

"Nanga ine mwandionetseranji? Mukundidziwa pakamwa panga."

"Ndikupadziwa. Ndi wailesi yopanda pozimitsira. Koma utoto wandithera." Anadula bowa mmodzi ndi kampeni, nakwirira pamalopo ndi masamba. "Komanso bambo ako Baptiste anandipezapo pano kamodzi, akufuna mbuzi yawo yosochera. Anayang'ana, anati moni, n'kubwerera. Anamwalira osauza munthu, ngakhale mayi ako. Ndati ndione ngati anakusiyirako kena kake kupatula mphuno."

Firmin anagwira mphuno yake, nayang'ananso bowa uja.

Masiku otsalawo anawathera m'nkhalango. Anapala mizere yake yonse ndi burashi yawaya, kuyambira pakamlatho mpaka kumathithi, nasiya mitanda ya mayi uja. Njira yatsopano anaikweza pamtunda wamiyala, yozungulira komanso yotopetsa, moti iye mwini ankapuma pa mtengo uliwonse umene wapenta.

Lamlungu anthu anabwera ochuluka. Anakwera mtunda akuwefuka, anaona mathithi, anajambulana, n'kubwerera pabwalo la mudzi pamene matebulo anayalidwa ndi masoseji, tchizi ndi vinyo. Atakhuta, meya Solange Delmas anagogoda tambula ndi foloko.

"A Cayssials, tikuthokoza. Koma pali funso limene miyendo yanga yandituma. Njira imene munatilonjeza inali yachidule, ya m'nkhalango. Yasanduka bwanji makwerero opita kumwamba?"

Maso onse anali pa Firmin. Umu ndi mmene iye ankakondera dziko: anthu okhuta, vinyo m'matambula, makutu ali tcheru. Ndipo m'kamwa mwake munali nkhani yoposa zonse zimene anabwera nazo kunja, ya thanthwe, ya mayi wokalamba ndi burashi, ya mudzi wa bowa. Inkamuyabwa lilime. Kumapeto kwa tebulo Mayi Leontine ankadula tchizi, osayang'ana aliyense.

"Kapena munaonako chinachake m'nkhalangomo?" anafunsa Gaston, maso atachepa.

"Ndinaonako mitambo," anatero Firmin. "Ndinaterera n'kugwa chagada m'matope, chitini cha utoto chili pamimba. Kumeneko si kopititsako alendo. Njira yoyamba ija ndinailakwitsa ndine."

Bwalo lonse linafa ndi phwete.

"Munthu woti anazungulira dziko lonse, wakagwa kuseri kwa nyumba ya bambo ake," anatero Gaston akupukuta misozi.

"A ku Paris, chaka chamawa tikugulirani ndodo," anawonjezera meya.

Firmin anaseka nawo, makutu akutentha. Anadikira kuti wina afunsenso za mitanda ija, koma nkhani ya mimba yachikasu inali itameza zonse.

Lolemba masana Mayi Leontine anamuitana kuti akawakonzere mpope wodontha. Atalowa m'khitchini anapeza mpope uli bwinobwino, mawindo onse ali otseka, ndipo patebulo pali mbale ya mazira okazinga ndi bowa ndi adyo.

"Khala pansi. Usatsegule windo, fungo limanena miseche."

Firmin anakhala pansi nayamba kudya. Anaphikirapo akapitawo a sitima ndi anthu achuma a ku Montreal, koma mbale iyi anaipukuta ndi buledi mpaka inawala.

"Zikomo, mayi," anatero. "Osati chifukwa cha mazira okha."

"Ndamva. Chaka chamawa mawondo anga sadzazungulira phiri lija. Udzanyamula dengu ndiwe, koma udzatulukira kumanda."

Pobwerera anadutsa pakantini. Gaston anali pakhomo akusesa. Anaima, nanunkhiza mpweya, n'kumuyang'ana Firmin kuyambira kumapazi mpaka kundevu.

"Inu mwayendayenda m'nkhalango sabata yonseyi. Bowa simunamuoneko ngakhale mmodzi?"

Firmin anapukuta ndevu pang'onopang'ono, nagwetsa nkhope.

"Chaka chino kulibe bowa."

Gaston anatsamira tsache lake kwa kanthawi. Kenako anakankha chitseko ndi phazi.

"Kulibedi," anatero. "Lowa, Firmin, ndikuthirireko vinyo."