Tsitsi la William

Edness anali atanyamula kale sizasi pamene mzungu uja analowa osagogoda. Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro a bambo ake, a Stafford, ndipo abale anali atasonkhana m'khitchini ku Wheaton kuti amete. Amalume ake, a Patson, anali atagamula kuti kuno n'ku Amereka, kungodulako pang'ono kunkhongo kukwanira.

"M'bale wanga wapita," anatero mzunguyo m'Chingerezi, atatambasula manja. "Ndabwera kudzalira monga wapabanja."

Anali William. Mkanjo woyera womwe uja, tsitsi lofika m'chiuno lomwe lija, kungoti tsopano linali la imvi. Ku Malawi, kumene lamulo linkaletsa amuna tsitsi lalitali, akanamumetera pabwalo la ndege pomwepo.

Mu 1972 a Stafford anasiya ukalaliki ku banki n'kutengera banja ku famu ya William ku Virginia, kumene anthu ankadya nyemba zopanda mchere n'kumaimbira dzuwa likamatuluka. Onse ankameta, kupatula William, amene ankati mphamvu zake zili m'tsitsi. Chaka chomwecho pafamupo panachitika chikondwerero cha nyimbo: magitala, matope, fungo la chamba, chinamtindi cha anthu opanda nsapato. William anakweza Edness pansanja, ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, n'kumumeta mpala kuti anthu aone mmene mwana wa ku Africa amasiyira za dziko. Tsitsilo mayi ake anali atamuluka tsiku lonse ladzulo lake. Anthu anawomba m'manja, Edness n'kudzikodzera. Bambo ake anawafunafuna ndi maso osawaona, ndipo mpaka kumwalira kwawo sanawakhululukire. Koma chidani chenichenicho anachisungira William, zaka khumi ndi zinayi zonsezi.

"Wapabanja?" anatero Edness. "Then sit down. Apabanja timameta."

"Edness, ndi mlendo ameneyu," ananong'ona a Patson.

"Wanena yekha kuti si mlendo, amalume."

William anayang'ana mayi a Edness, a Felistas, poganiza kuti amupulumutsa. Iwo anali khale pansi, maso ali pa miyendo yawo. Pakhomo panali pataima otsatira a William awiri, ndipo munthu wolalikira zosiya za dziko sakanathawa iwo akuona. Anakhala pampando.

"Pang'ono chabe, mwana wanga," anatero.

Edness anayambira pamwamba pa chipumi, kuti pasakhalenso pobisa. Sizasi itatopa anakatenga lezala ya bambo ake, ndipo sopo sanamufune. Kunena zoona, mtima wake unkakoma. Ankapala mosafulumira, akumva khosi la nkhalambayo likunjenjemera m'dzanja lake. Mutu umene unatulukamo unali waung'ono, wa mabampu ngati mbatata, ndipo kuseri kwa khutu kunkatsika kamagazi. William ankalira mwakachetechete.

"Bwanji simukuwomba m'manja?" Edness anafunsa a pakhomo aja. "Clap."

Palibe anawomba.

Apa a Felistas anasendera chogwada, nayala nyuzipepala pansi, n'kuyamba kutola tsitsilo. Ankatola ndi timene tinagwera kunsi kwa firiji tomwe.

"Mom, leave it. Ndikataya ku zinyalala."

"Bambo ako sakanalola," anatero osadzutsa mutu. "Tsitsi la munthu sulisiya m'manja mwa anthu oti angamuchite nalo chipongwe. Lako lija anatola okha kunsi kwa nsanja, chokwawa m'matope, ovina akuwaponda. Iwe unkati zala zawo ziwiri zija zinapindika ndi chiyani?"

Edness anaika lezala patebulo. 

A Felistas anakulunga nyuzipepala ija bwinobwino, napinda m'mbali kuti pasagwe kanthu. Kenako anadzuka, nam'patsa William ndi manja awiri, n'kupita kukam'tsegulira chitseko.