Thandala la Bambo a Annie

Amuna anga, bambo a Annie, anasiya PhD yawo itatsala pang'ono kutha. Ine pepalalo silinandipweteke kwenikweni, pepala sadya. Chinandipweteka n'chakuti kuyambira pamenepo anayamba kuthawa anthu. Munthu woti ankatsogolera kwaya ya Amalawi kuno ku Perth, tsopano akaona mnzawo pa siteshoni ya ku Armadale ankakwera bogi ina ya sitima. Ankaopa funso limodzi lokha lija lakuti, Dokotala, sukulu ikuyenda?

Kenaka kunagwa maliro a Mayi Chisenga. Awa ndi mayi a ku Chipata amene anatilandira pa eyapoti titangofika, ndipo tinagona pabalaza pawo mpaka titapeza nyumba. Tsiku la mwambo, thupi lisanapite ku Zambia, amuna anga anandiperekeza mpaka pageti. Ataona magalimoto a anzawo atandandalikana, anagwira chiwongolero n'kuuma. Ndinatsika ndekha, iwo n'kubwerera. Kumaliro, abale inu! Ndinalowa m'nyumba muja nkhope ilibe poiyika, ndipo ndinatha sabata ndikuwapatsa amuna anga chakudya osawayankhula.

Chiyambire tsiku limenelo ankangokhala m'galaja. Anagula pikapu yakale, n'kuwotcherera thandala lachitsulo pamwamba pa bodi, lotambalala kuposa bodiyo, loti katundu wamkulu azikhala pamwamba, makatoni pansi. Kunena zoona linali lokongola, koma sindinawauze. Ndinkangoti thandala limeneli mwina tidzayanikapo mbale.

Mu Disembala anapeza ntchito yoyamba. Mayi wina wokongoletsa masitolo pa Khirisimasi anaitanitsa kunja zinjinga zamoto ziwiri zoyenda pa sinoo, chipale chofewa cha kumaiko ozizira chija, zoti akaziimike m'sitolo ina ku Morley ana azijambulitsapo. Zinali pa nyumba ina yosungira katundu ku Fremantle, ndipo zinkafunika Loweruka lomwelo. Ndinapita nawo, poti ndinkafuna kuona ndi maso anga sinoo wa ku Perth dzuwa likuswa mtengo.

Ife tonse m'mutu mwathu munali njinga yamoto, yoti uigwira mahandulo n'kuikankha pa matabwa okwerera. Titafika tinangoti kukamwa yasa. Zinthuzo zinalibe tayala ndi limodzi lomwe. Kutsogolo kunali timatabwa tiwiri totsetserekera, kumbuyo chilamba cha mano ngati cha katapila, ndipo injini anali atazichotsa chifukwa zinali zongoonetsa. Tinakankha, osasuntha. Tinakoka ndi lamba, chitsulo chinangolira pa simenti. Mzungu wa pamalopo anati foloko yawo yonyamulira katundu yafa, iye msana wake sakuulola, ndipo akutseka. Anatithandiza kuzikwekweza mpaka kunja kwa geti, n'kunena kuti tisadandaule za akuba, palibe wamisala angabe zimenezo kukutentha chonchi.

Tinatsala awiri, thukuta lili kamukamu. Zinkafunika mapewa a amuna angapo, ndipo tonse tinkadziwa kumene kunali mapewawo. A Chisenga, amuna a malemu aja, sakhala patali ndi Fremantle, ndipo chichitikire maliro aja, Loweruka lililonse azibambo amasonkhana kwawo kuti mkuluyo asamakhale yekha.

Ndinatchula dzinalo. Amuna anga anakhala pa bampala n'kuyang'ana pansi. Anati angayambire pati kupempha phewa kwa munthu amene iwo anamumana phewa tsiku loika mkazi wake m'bokosi. Kwathu wosapita kumaliro a anzake amadzanyamula ake yekha, ndipo iwo anati bola aimbire mayi uja kuti ntchito yakanika. Ndinadziwa kuti akatero abwerera m'galaja muja, ndipo ulendo uno sadzatulukamonso. Mtima unandiwawa, komanso ndinapsa.

"Bambo a Annie, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko," ndinatero. "Koma kumeneko simukupita kukapempha. Mukupita kukapepesa maliro. Za zinjingazi muzisiye pageti."

Anakhalabe pamenepo mpaka ine ndinayamba kufuna mthunzi. Kenaka anavula chipewa, n'kupukuta manja pa buluku, n'kukaliza galimoto.

Tinapeza azibambo ali kuseri kwa nyumba akuwotcha nyama. A Jabez analipo, a Hopewell, a Mwenya ndi ena. Atationa macheza anaduka. Amuna anga sanapereke moni wa m'manja kwa aliyense. Anapita molunjika pamene anakhala a Chisenga, anagwada pansi pa simenti yotentha ija, chipewa chili m'manja.

"Bambo, pepani ndi maliro a mayi. Ndachedwa, ndipo chifukwa chomveka ndilibe. Anali manyazi basi."

A Chisenga anawayang'ana nthawi yaitali. Nyama inayamba kupserera, palibe anaitembenuza.

"Ninakuonani pa windo siku ija," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Zambia. "Ninaona motoka yabwerera. Chinanibaba maningi, mwana wanga."

Anati chinawapweteka kwambiri, ndipo sanachepetseko mawuwo kuti amveke bwino. Ine misozi inali itayamba kale. Kenaka anawagwira paphewa n'kuwauza kuti adzuke, maondo angapse. Palibe anafunsa za sukulu. Amene anafunsa kanthu ndi a Mwenya, omwe anasuzumira kumsewu n'kufuna kudziwa kuti chithandala chili pa pikapucho anawotcherera ndani, nanga n'chonyamulira chiyani.

Amuna anga anayamba kuzungulira, akuti ndi kantchito chabe, tidzakamba tsiku lina. Ine pakamwa panga mumapadziwa. Ndinaiwala malangizo anga omwe aja n'kufotokoza zonse, mpaka za timatabwa totsetserekera. A Hopewell anaseka mpaka kutsamwa, akuti Mmalawi wa ku Dowa ndi sinoo zinakumana kuti. Koma a Chisenga anali atayamba kale kufunafuna nsapato zawo.

Tinabwerera ku Fremantle magalimoto atatu. Azibambo anazungulira zinjingazo ngati akugula ng'ombe, aliyense ndi nzeru zake. Pomaliza anatenga mapaipi awiri achitsulo amene anali pansi pa thandala, anawalowetsa kunsi kwa chinjinga choyamba, n'kuima atatu uku atatu uku. Titaona mmene aimira, tonse tinakumbukira, chifukwa kaimidwe kameneko timakadziwa, n'konyamulira bokosi la maliro. A Chisenga, ndi ukalamba wawo, anakana kukhala pambali. Anagwira kutsogolo, n'kuloza malo amene anali kumbuyo kwawo.

"Apa panali malo yanu siku ija. Bwerani muime."

Amuna anga anaima pamenepo. A Jabez anawerenga, onse n'kudzutsa, ndipo chinjinga chinakwera matabwa aja pang'onopang'ono mpaka kukakhala pa thandala. Chachiwiri chinavuta, chinatsala pang'ono kuphwanya chala cha a Hopewell, koma nacho chinakwera n'kukhala pambali pa chinzake, malo ake ndendende. Bambo a Annie anamanga malamba kutsogolo ndi kumbuyo, akukoka lililonse n'kuligwedeza. Ndinawamva akung'ung'udza kanyimbo ka kwaya, mwina osadziwa n'komwe.

Azibambo anati atiperekeza ku Morley, poti chokwera ndi mapewa chimatsikanso ndi mapewa. Tisananyamuke, a Chisenga anawerama n'kusuzumira pansi pa thandala, pamalo a makatoni paja. Anafunsa ngati masutikesi angalowepo. Anati zovala za malemu zikadali m'chipinda mmene anazisiyira, abale ku Chipata akudikira kuti akagawane, koma iwo mtima unkakana kuti munthu wachilendo wa kampani adzazigwire n'kupita nazo kokatumiza. Anafunsa ngati amuna anga ali ndi mpata Loweruka linalo.

Bambo a Annie anangovomera ndi mutu, kawiri, katatu.

Mumsewu anthu ankatiimbira mahutala, ena kutijambula pa foni, zinjinga za pa sinoo zili ndi mthunzi wake pa phula lofuka. Ine ndinkayang'ana pa galasi magalimoto awiri aja akutitsatira. Titaima pa maloboti ndinawauza amuna anga kuti thandalalo ndi lokongola. Anati akudziwa, ndipo anandipempha kuti ndiwachapire shati yoyera yoti adzavale Loweruka linalo.